Kodi Pentagon imakonzekera bwanji akuluakulu ake osavala yunifolomu?

Funso: Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za ogwira ntchito pa unduna wina ku Lilongwe, ndipo madzulo ndimachita maphunziro a kayendetsedwe ka boma. Aphunzitsi atipatsa ntchito yoti tilembe momwe unduna wa zachitetezo ku America umakonzekera za akuluakulu ake amene si asilikali. Ine ndikuona ngati ndi nkhani yapafupi: kuwerenga amene atsala pang'ono kupuma, n'kulemba pambali pake dzina la wodzalowa m'malo. Nanga chikuwavuta n'chiyani kuti mpaka aphungu azichita kukhazikitsira malamulo? Komanso mu unduna wa asilikali, munthu wamba angakhale ndi mphamvu yanji?

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mndandanda mukunenawo amakhala nawo ndithu, koma ndi kagawo kochepa ka ntchito yonse, ndipo mbali yolemba dzina la wodzalowa m'malo lamulo lawo linaiikira malire. Chimene chimawasowetsa tulo ndi nthawi. Munthu woti n'kuyendetsa nthambi yogula mafuta a gulu lonse la nkhondo amatenga zaka 15 kapena 20 kuti akhwime, pamene nduna ndi aphungu amene amalamula zolemba kapena kuchotsa anthu ntchito maso awo amakhala pa bajeti ya chaka chamawa. Cholakwika cha lero chimadzatulukira poyera amene anachichita atachoka kalekale. Koma ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, kuti tidziwe kaye anthu amene tikuwakamba.

Unduna umenewu, umene likulu lake ndi nyumba ya Pentagon ku Arlington m'chigawo cha Virginia, kwa zaka zambiri wakhala ndi anthu wamba oposa 700,000 pa ntchito, pambali pa asilikali pafupifupi 1.3 miliyoni. Anthu wambawa ndi amene amakonza sitima zankhondo m'madoko a boma a Norfolk, Portsmouth, Puget Sound ndi Pearl Harbor. Ndi amene amakonza malipiro a asilikali ku Defense Finance and Accounting Service, yomwe likulu lake lili ku Indianapolis. Mafuta, chakudya, mankhwala, nsapato ndi zitsulo zosinthira pa ndege zimadutsa ku Defense Logistics Agency ya ku Fort Belvoir, ndipo mabuku a makampani ogulitsa zida ku boma amawapenda ndi maodita a Defense Contract Audit Agency. Wowombera ndi msilikali, koma chipolopolocho anachigula, kuchiyesa, kuchisunga ndi kuchilipira ndi munthu wovala malaya wamba.

Pamwamba pa undunawu pamakhala magulu atatu. Loyamba ndi la osankhidwa ndi pulezidenti, monga nduna ndi achiwiri ake. Awa amabwera ndi boma n'kupita nalo, ndipo ambiri sakwanitsa n'komwe zaka 4. Lachiwiri ndi la majenerale ndi akuluakulu a asilikali apamadzi, amene amasinthidwa malo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Lachitatu ndi limene mwafunsali, la anthu wamba amene anakwera makwerero a ntchito za boma mpaka kufika pamwamba. Tengani Defense Logistics Agency: mkulu wake amakhala msilikali wa nyenyezi zitatu, wachiwiri wake amakhala munthu wamba. Jenerale watsopano akamafika amapeza makontirakiti a zaka zambiri ali pakati, ndipo wodziwa chifukwa chimene anawasainira choncho ndi wachiwiri uja. Mphamvu yawo ili pamenepo. Amakumbukira, amasaina, ndipo ena akamapita iwo amatsala. M'nthambi zina, monga ya malipiro ndi ya maodita, mkulu weniweniyo ndi munthu wamba.

Gulu limeneli limatchedwa Senior Executive Service, mwachidule SES. Linabwera ndi lamulo lokonzanso ntchito za boma limene pulezidenti Jimmy Carter anasaina mu Okutobala 1978, n'kuyamba kugwira ntchito mu Julayi 1979. M'boma lonse mwakhala muli anthu pafupifupi 8,000 a gululi, ndipo a ku zachitetezo ndi oposa 1,000, kuposa unduna wina uliwonse. Ali pamwamba pa giredi ya GS-15, yomwe ndi yomaliza pa magiredi a nthawi zonse. Lamulo limalola kuti 10 okha pa 100 aliwonse akhale olowera khomo la ndale, pafupifupi ena onse akhale a ntchito yokhazikika. Maganizo a mu 1978 anali akuti udindo uziyenda ndi munthu, kuti boma lizitha kumuchotsa pano n'kumuika apo monga lichitira ndi jenerale. Kunena zoona zimenezi sizinagwire kwenikweni, ambiri amapuma ali m'nthambi yomwe anakuliramo. Pentagon inawagawa m'magawo atatu, ofanana ndi majenerale a nyenyezi imodzi, ziwiri ndi zitatu. Palinso timagulu tapambali: akuluakulu a zaukazitape ali ndi dongosolo lawolawo, asayansi ali ndi lawo, ndipo pali akatswiri obwereka kunja kwa zaka zowerengeka. Pulani yabwino imawerengera onsewa.

Tsopano za dzina la wodzalowa m'malo. Ngati munthuyo sanalowebe m'gulu la SES, bwana sangamulonjeze mpando. Mpandowo uyenera kulengezedwa kwa masiku osachepera 14, komiti ya mu undunamo isefe olembera, ndipo wosankhidwayo mapepala ake apite ku Office of Personnel Management, ofesi yoyang'anira ogwira ntchito m'boma lonse. Kumeneko komiti ina, ya akuluakulu a m'maunduna ena amene sakumudziwa, imaona ngati alidi ndi luso la utsogoleri, ndipo ikhoza kumubweza. Akadutsa amakhala chaka chimodzi akuyesedwa. Ndiye mukalemba mu fayilo kuti mpando wakuti ndi wa uje, mwapereka umboni kwa aliyense wodzalephera intavyu woti mpikisano unali wachiphamaso. N'chifukwa chake iwo amalemba gulu la anthu oti angathe kudzapikisana, atatu kapena asanu pa mpando, n'kuonetsetsa kuti onsewo akukonzekeretsedwa. Njira yachidule ilipo imodzi: munthu apikisane polowa pulogalamu yosula akuluakulu, ya pafupifupi chaka chimodzi, yokhala ndi miyezi 4 yokagwira ntchito kwina. Akamaliza n'kuvomerezedwa ndi komiti ya ku Office of Personnel Management ija, akhoza kupatsidwa mpando popanda kupikisananso.

Kwa amene ali kale m'gululi nkhani ndi ina. Nduna ikhoza kumusamutsa pomupatsa chidziwitso cha masiku 15 ngati ndi m'dera lomwelo, kapena masiku 60 ngati asamukire kutali, ndipo wokana akhoza kuchotsedwa ntchito. Koma nduna yatsopano ikangofika, singasamutse munthu mokakamiza masiku 120 asanathe. Anaika lamuloli kuti mlendo ayambe wawadziwa anthu ake asanayambe kusesa.

Vuto lachiwiri ndi lakuti sadziwa tsiku limene munthu adzachoke. Kwa asilikali n'zowerengeka: lamulo la mu 1980 limati wosakwezedwa atuluke, kenelo, amene udindo wake ndi wotsatira kunsi kwa jenerale, akakwanitsa zaka 30 pa ntchito amapuma, ndipo jenerale nthawi zambiri sapitirira zaka 64 zakubadwa. Kwathu kuno nakonso mumadziwa kuti wa m'boma akafika zaka 60 apuma, ndiye mndandanda wanu umagwira ntchito. Munthu wamba wa ku Pentagon alibe zaka zomukakamiza kupuma. Penshoni yonse akhoza kuitenga ali ndi zaka 55 mpaka 57, malinga ndi chaka chimene anabadwa, ngati wagwira zaka 30. Kapena pa zaka 60 atagwira 20. Kapena pa 62 atagwira 5. Koma kuyenera kupuma si kupuma ayi. Wina amachoka mwezi womwewo, wina amakhala zaka zina 12. Ambiri mwa akuluakuluwa amafika pa mpando ali kale pafupi ndi zaka zimenezi, kotero lipoti lililonse limaopseza kuti chigulu chatsala pang'ono kuchoka, chigulucho osachoka, mpaka anthu anasiya kuopa. Tsiku limene chimachokadi chimakhala chakankhidwa ndi zina. Malipiro anaimitsidwa osakwera kuyambira 2011 mpaka 2013. M'chaka cha 2013 anthu wamba pafupifupi 650,000 a undunawu anauzidwa kukhala kunyumba masiku 6 opanda malipiro chifukwa bajeti inadulidwa. Zinthu ngati zimenezi, pamodzi ndi kusintha kwa boma, ndi zimene zimachititsa munthu woyenera kale kupuma kunena kuti basi zakwana. Katswiri wa ntchitoyi amayang'ana zaka zimene anthu a m'nthambi yake amakhalabe atayenera kale kupuma, ndi zimene zinawathamangitsa m'mbuyomu.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ngati pepala lanu lili ndi malo ochepa, gawo ili musalisiye. Mkangano wa America ndi Soviet Union utatha, undunawu unayamba kuchepetsa anthu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 unali ndi anthu wamba oposa 1 miliyoni, pofika cha m'ma 2000 anatsala pafupifupi 700,000. Anatseka malo ambiri a asilikali m'magawo a 1988, 1991, 1993 ndi 1995. Pofuna kupewa kuchotsa anthu mokakamiza, anatsata njira zooneka zachifundo: kusiya kulemba atsopano, kulola ena kupuma msanga, ndi kupereka ndalama zofika madola 25,000 kwa wochoka mwa kufuna kwake. Chiwerengero chinatsikadi. Koma palibe amene anayang'ana kuti otsalawo ndi a misinkhu yanji ndiponso a luso lanji. Otenga ndalama n'kupita ambiri anali oti akhoza kupeza ntchito kwina mawa lomwe, ndipo kunsi sikunkalowa aliyense.

Zili ngati sukulu ya pulayimale imene yaleka kulemba ana a Sitandade 1 kwa zaka zitatu. Chaka choyamba palibe wodandaula, makalasi apepuka, choko chikukwanira. Vuto limadzaoneka patatha zaka 8, pamene palibe wolemba mayeso a Sitandade 8, ndipo nthawi imeneyo ngakhale mutalemba ana 500 a Sitandade 1 sakuthandizani chaka chimenecho. Ku Pentagon zinatero. Amene akanalembedwa mu 1994 ndi amene akanakhala a GS-15 okhwima cha m'ma 2010, oyembekezera kulowa SES. Kunalibe okwanira. Gawo limene linapwetekeka kwambiri ndi la ogula zida ndi oyang'anira makontirakiti, limene linadulidwa pafupifupi ndi theka. Kenako kunabwera 11 Seputembala 2001, nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq, ndipo ndalama za makontirakiti zinakwera kuposa kawiri, ozigwira ali ochepa omwe aja. Mu 2007 komiti yotsogozedwa ndi Jacques Gansler inafufuza za makontirakiti a asilikali apamtunda ku Iraq, Kuwait ndi Afghanistan, komwe milandu ya ziphuphu inali itachuluka. Inapeza anthu ochepa, osaphunzitsidwa mokwanira, ndipo pa ntchito ya makontirakitiyo panalibe jenerale ngakhale mmodzi. Mu Epulo 2009 nduna Robert Gates inalengeza zowonjezera anthu pafupifupi 20,000 m'gawo logula zida. Kunali kulipira ngongole ya zaka 15 zapitazo, ndipo olembedwa nthawi imeneyo ndi amene angofika kumene pa msinkhu wa utsogoleri zaka zino.

Ndi mbiri imeneyi imene inadzutsa aphungu. Ofesi yofufuza za boma m'malo mwa nyumba ya malamulo, GAO, inaika nkhani yokonzekera ogwira ntchito pa mndandanda wa zinthu zoopsa m'boma mu 2001. Mu 2006 aphungu analamula undunawu kuti uzipereka pulani ya anthu wamba, kenako anawonjezera kuti mukhale gawo lapadera la akuluakulu: alipo angati, akufunika angati, a luso lanji, ndipo mpata uli pati.

Funso loti akufunika angati ndi limene linawagwetsa. Mu Novembala 2010 GAO inatulutsa lipoti lonena kuti undunawu unaunikadi mipando ya akuluakulu ake, koma sunasunge zolemba zoonetsa mmene unafikira pa ziwerengero zake. Nthambi iliyonse inkafuna mipando yowonjezera, poti nthambi yokhala ndi akuluakulu ambiri imamveka mawu pa msonkhano wa bajeti. Miyezi itatu lipotilo lisanatuluke, mu Ogasiti 2010, Gates yemweyo anali atalamula kuti padulidwe mipando yosachepera 50 ya majenerale ndi 150 ya akuluakulu a anthu wamba. Taonani: mbali ina ya nyumba ikupempha kuwonjezera, mbali ina ikudula, onse popanda muyeso umodzi. Mu Disembala 2016 aphungu anangoika denga lawo, kuti pofika kumapeto kwa 2022 mipando ya SES mu undunawu isapitirire 1,260, ndipo lamulo lomwelo linachotsa udindo wopereka pulani ija. Ine ndimaona kuti nambala yochita kugwa kuchokera kumwamba ngati imeneyi ndi chilango cha unduna umene walephera kufotokoza nambala yake. Dziwaninso kuti ngakhale popanda dengalo, unduna sudzipatsa wokha mipando. Umapempha ku Office of Personnel Management zaka ziwiri zilizonse.

Choncho pulani yeniyeni imayambira pa mpando, munthu amabwera pambuyo. Mpando uliwonse umafunsidwa mafunso: wokhalapo amasainira ndalama zingati, amayankha kwa ndani, akalakwitsa chimaonongeka n'chiyani, wa GS-15 sangaigwire ntchitoyi, nanga ikufunikadi munthu wamba kapena msilikali? Funso lomalizali lili ndi msampha. Mukadula mpando wa jenerale ntchito yake sifa, kawirikawiri imasanduka ya munthu wamba. Mukadula wa munthu wamba imagwera wogwirizira kapena kampani ya alangizi, imene imalipiritsa kuposa malipiro mwapulumutsa aja. Wowerenga gulu limodzi lokha amangosuntha vuto. Palinso nkhani ya asilikali opuma. Kenelo amavula yunifolomu Lachisanu, Lolemba n'kubwerera pa desiki yomweyo atavala suti. Luso ali nalo, palibe wotsutsa, koma munthu wamba amene wadikira zaka 20 akaona zimenezi kawiri katatu amaleka kulembera. Lamulo loti wopuma usilikali adikire masiku 180 asanalembedwe mu undunawu linaimitsidwa pambuyo pa 2001, ndipo aphungu analibwezeretsa m'lamulo lomwe lija la mu 2016.

Ndalama nazo zimafooketsa. Mu 2024 malipiro a SES sankapitirira madola 221,900 pa chaka, pamene wa GS-15 wokhalitsa ku Washington ankafika pa 191,900. Kwa ife ndi ndalama zoopsa, koma yang'anani kusiyana kwakeko, n'kuika pa sikelo ndi zimene munthuyo akulandira nazo: kuyang'anira anthu zikwizikwi, kuitanidwa kukayankha pamaso pa aphungu, kusamutsidwa nthawi iliyonse, kutchulidwa dzina m'nyuzi zinthu zikalakwika. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye ambiri a GS-15 anzeru zawo amasankha kuti mutuwo usakule. Kutsidya kwa msewu kuli makampani opanga zida okonzeka kumulipira mowirikiza. Pulani imene imangoganiza kuti aliyense wa kunsi akulakalaka kukwera imadzadabwa tsiku la intavyu.

Kukhalitsa pa mpando kuli ndi nkhope ziwiri, ndipo ndikupatsani anthu awiri oti muwaike pafupi m'pepala lanu. Woyamba ndi Darleen Druyun, amene kwa zaka pafupifupi 10, mpaka kumapeto kwa 2002, anali munthu wamba wamphamvu kwambiri pa zogula za asilikali a m'mlengalenga. Mabwana ake a ndale ankabwera n'kupita, nthawi zina mpando wa pamwamba pake unkakhala wopanda munthu, majenerale ankasinthidwa, iye ali pomwepo. Pang'ono ndi pang'ono zigamulo zikuluzikulu zinasonkhana m'manja mwake: kusankha kampani yopambana, kukambirana mtengo, kuthetsa mikangano ya makontirakiti. Ankadziwika kuti ndi wolimba pokambirana, ndipo panalibe wina wodziwa mafayilo kufika pomutsutsa. Mu Okutobala 2002 anakumana mwachinsinsi ku Orlando ndi mkulu wa zachuma wa kampani yopanga ndege ya Boeing, Michael Sears, kukambirana zomulemba ntchito, pa nthawi imene iye yemweyo ankayang'anira mgwirizano wa madola mabiliyoni ambiri wobwereka ku Boeing ndege 100 zothira mafuta ndege zina zili m'mwamba. Mwana wake wamkazi ndi mkamwini wake anali atalembedwa kale ku kampani yomweyo. Mu Januwale 2003 iye anayamba ntchito ku Boeing. Mu 2004 anavomera mlandu, navomeranso kuti ankaikondera kampaniyo pa makontirakiti angapo, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 9. Sears anapatsidwa miyezi 4. Mgwirizano wa ndege uja unagwa, ndipo asilikali anadikira zaka zambiri kuti apeze ndege zatsopano.

Anthu amaikamba nkhaniyi ngati ya katangale basi. Kwa ife a zoona ogwira ntchito ndi nkhani ya pulani yolephera. Munthu mmodzi anasiyidwa pa mpando wosainira ndalama kwa zaka 10, popanda womulowa m'malo amene akukonzedwa, popanda wofanana naye mphamvu woti aziona zimene akusaina, mpaka unduna unayamba kuopa kumusuntha chifukwa panalibe wina wodziwa. Mukamva mu ofesi akunena kuti uje sangapite pa tchuthi chifukwa zinthu ziima, musamutamande uje, lembani mpandowo ndi inki yofiira.

Wachiwiri ndi Andrew Marshall, amene anatsogolera kaofesi kakang'ono kotchedwa Office of Net Assessment kuyambira 1973, nthawi ya Richard Nixon, mpaka Januwale 2015, pamene anapuma ali ndi zaka 93. Ntchito yake inali kuganizira za mphamvu za America poyerekeza ndi adani ake zaka 20 kapena 30 zakutsogolo. Apa kukhalitsa kunali phindu, ndipo anthu ambiri amene anadutsa m'manja mwake anadzakhala akuluakulu kwina. Lamulo loti aliyense azisamuka pakatha zaka 3 likanamuchotsa Marshall asanayambe n'komwe, pamene kusowa kwa lamulo lotere n'kumene kunasunga Druyun. Maganizo anga ndi akuti mipando isiyanitsidwe. Yogwira ndalama ndi makontirakiti ikhale ndi malire a zaka. Ya sayansi ndi yoganiza zakutali munthu akhalitse, koma pakhale ophunzira pambali pake, olembedwa mayina, oti chaka chilichonse mufunse kuti afika pati.

Kusula anthu ndiye mbali imene aliyense amavomereza pakamwa. Asilikali anawakakamiza ndi lamulo la Goldwater-Nichols la mu 1986: sungakhale jenerale usanagwireko ntchito pamodzi ndi magulu ena a nkhondo. Anthu wamba alibe chowakakamiza chotere. Mu 2007 undunawu unatulutsa malangizo oti akuluakulu ake aziyang'aniridwa ngati chuma cha unduna wonse kuyambira polembedwa mpaka popuma, ndipo uli ndi pulogalamu ya Defense Senior Leader Development Program imene imatumiza a GS-14 ndi GS-15 ku makoleji a nkhondo kukaphunzira limodzi ndi makenelo. Mu Disembala 2015 Barack Obama analamula kuti boma lifike poti 15 pa 100 aliwonse a SES azikhala akugwira ntchito kwina kwa masiku osachepera 120.

Koma taganizani muli m'chipinda mmene komiti yoona za luso yakhala pansi, monga zichitikira chaka ndi chaka. Patebulo pali mafayilo, ndipo aliyense akuikidwa m'gulu lake: uyu wakonzeka kusenza katundu wolemerapo, uyu akaone kaye nthambi ina, uyu wangofika kumene akhazikike, uyu akhale pomwe alipo. Afika pa fayilo ya mayi wina wa ku Huntsville, mzinda wa m'chigawo cha Alabama, katswiri wa za mizinga, amene aliyense akudziwa kuti n'kudzatsogolera nthambi yonse atakagwirako zaka ziwiri ku Washington. Bwana wake akuti chaka chino ayi, pulojekiti ili pakati. Chaka chathanso ananena zomwezo. Mayiyo payekha ali ndi ngongole ya nyumba, mwamuna wake ali pa ntchito komweko, mwana watsala chaka kuti amalize sekondale, ndipo nyumba ku Washington ndi yodula moti kukwezedwako kumusiya wosaukirapo. Msilikali amasamuka ndi lamulo, boma n'kumunyamulira katundu, ndipo banja lake linazolowera. Munthu wamba sanalowe ntchito ndi pangano limenelo. Pulani ikapanda kuika ndalama zosamukira, wogwirizira mpando wa mayiyo, ndi mphamvu yoti komiti igonjetse bwana wobisa anthu ake abwino, fayilo ija idzabweranso patebulo chaka chamawa ili chimodzimodzi.

Kotenga munthu kunja kwa boma nako kuli kuchedwa kwake, chifukwa sangayambe asanafufuzidwe mbiri yake kuti aloledwe kuona zinsinsi. Mu 2018 mafayilo odikira kufufuzidwa m'boma lonse anafika pafupifupi 725,000, ndipo chaka chotsatira ntchitoyi inasamutsidwira ku unduna wa zachitetezo womwewo.

Popeza mukulemba panopa, musasiye za 2025. Donald Trump atangolowa mu Januwale anasaina chikalata chofuna kuti akuluakulu a SES aziyankha kwambiri kwa atsogoleri a ndale, ndipo Office of Personnel Management inasintha miyeso ya luso imene komiti yake yovomereza olowa SES imagwiritsa ntchito. Pentagon, pansi pa nduna Pete Hegseth, inalengeza zochepetsa anthu wamba ndi 5 mpaka 8 pa 100 aliwonse, makamaka poimitsa kulemba anthu ndi kulipira ofuna kuchoka okha. Ochirikiza zimenezi akuti boma losankhidwa liyenera kukhala ndi akuluakulu omvera ndiponso kuti likulu linatupa. Otsutsa akuti munthu woopa kuchotsedwa sauza nduna zoona. Mkanganowo ndi wa ndale, mukhoza kuulemba mbali zonse. Chimene ine ndingakuuzeni ngati wa ntchitoyi n'chakuti zida zimene agwiritsa ntchito n'zomwe zija za m'ma 1990, zimene zimatsitsa chiwerengero popanda kusankha wotsala, ndipo zotsatira zake pa mipando ya pamwamba zidzawerengedwa cha m'ma 2040.

Aphunzitsi anu akafuna kuti muyerekeze ndi kwathu, samalani. Tsiku lopuma inu mumalidziwa, kusamutsa mlembi wamkulu kuchoka unduna wina kupita wina n'kosavuta ku Capital Hill, ndipo unduna wathu wa zachitetezo uli ndi anthu wamba ochepa kwambiri. Chimene mungabwereke ndi kawerengedwe. Tengani giredi iliyonse, kuyambira ya olowa ndi digiri mpaka ya madayilekitala, muike anthu ake m'magulu a zaka zisanuzisanu zakubadwa, muone pamene pali chibowo, kenako mufunse kuti boma linaimitsa liti kulemba anthu. Pa mpando uliwonse wa pamwamba lembani zaka zimene wokhalapo wakhalapo, miyezi imene unakhala ndi wogwirizira ulendo watha, anthu angati anaulembera, ndi anthu angati a kunsi amene angaugwire lero, pakatha zaka ziwiri, ndi pakatha zisanu. Mpando umene mizere itatu yomalizayo ilibe munthu ndi umene mupite nawo kwa abwana anu poyamba.